Tsamba Limene Linakutira Mandasi a Nduna

Ufumu wa Zilibwino musavutike kuufuna pa mapu. Unalipo pa mapu akale, koma mapuwo anachotsedwa m'laibulale sabata yomwe ndikufuna kukusimbiraniyi, ndipo atsopano akadali m'manja mwa komiti.

Dziko limeneli lili ndi mwayi umene mayiko ena alibe. Kumeneko chinthu chimachitika tsiku limene Mfumu yachinena. Mfumu Ndanenakale Wachiwiri ikaima pansanja n'kunena kuti msewu wa ku Dikirani waikidwa phula, ndiye kuti waikidwa basi, ndipo amene angatitimire m'matope pamsewupo watitimira mwa kufuna kwake. Anthu a ku Zilibwino anazolowera. Amaomba m'manja, amalulutira, kenako amavula nsapato n'kuwoloka.

Chaka china, pa Tsiku Lothokoza Mfumu, kunalengezedwa kuti nyumba iliyonse mu ufumuwo tsopano ili ndi madzi a pampopi. Ndisaname, mipopi inabweradi. M'tauni ya Dikirani inazikidwa pakhomo lililonse, yonyezimira, ya mitu yofiira. Chimene chinatsalira m'njira ndi madzi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi tauni yonse inkamwa pa mjigo umodzi wakale wa kuseri kwa msika, umene kwa boma unali utapuma kale pantchito. Mjigowo ukanyanyala, anthu ankatsikira ku mtsinje wa Thamangani, umene unatenga dzina lake ku zomwe munthu amachita akamwa madzi ake.

M'tauni yomweyo munali laibulale, ndipo woyang'anira wake anali a Lifeyo Chadzala, bambo wowonda, womanga tayi ngakhale mu Okutobala, wokonda mabuku ndi malamulo mofanana. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti mashelefu awo anadzaza ndi zinthu zosathandiza munthu. Mabwenzi akunja akafuna kusesa m'nyumba zawo ankakumbukira Zilibwino. Choncho munali buku lophunzitsa kachotsedwe ka chipale chofewa pakhomo, makope khumi ndi awiri. Munali buku la manambala a telefoni a mzinda wina wa kutsidya kwa nyanja, la chaka chimene a Chadzala ankabadwa. Munalinso ena ambiri amene chiswe chinawerenga mpaka kumapeto n'kusiya zikuto zokha. Makatoni anafika kudenga, moti owerenga ankakhala pakhonde. Kwa zaka khumi ndi chimodzi a Chadzala analemba makalata ku likulu, ku Mpandowanga, kupempha chilolezo chochotsa mabuku otha ntchito. Pempholi ine ndikuliikira kumbuyo, linali lanzeru, pakuti munda wosapalira subala. Kungoti walira mvula walira matope.

Kalata yawo ina inafika patebulo la nduna mwangozi, ndipo nduna zinakhala masiku atatu m'bwalo la Mfumu kukambirana funso limodzi: buku lotha ntchito n'lotani?

Nduna ya Zaulimi inati buku lakale limadziwika ndi fungo, choncho atumidwe anthu a mphuno zakuthwa. Nduna ya Zachitetezo inati iyo imakayikira buku lililonse lonenepa, chifukwa munthu wopanda chobisa sachulutsa mawu. Nduna ya Zamasewera inafunsa ngati nkhomaliro ikhalepo. Kenako anaimirira Olemekezeka a Yotamu Kamphinda, amene mwezi umenewo anali Nduna ya Zowerenga ndi Zoiwala. Bamboyu anali atayendera maunduna asanu ndi awiri popanda kuyankhapo funso ndi inde kapena ayi. Akuti ngakhale akazi awo akawafunsa ngati amwe tiyi, ankayankha kuti nkhaniyo ikuunikidwa.

"Mfumu ya mafumu," anatero a Kamphinda atagwira pamtima, "buku limatha ntchito likayamba kutsutsana ndi zomwe inu mwanena. Inu mutanena kuti njala inatha, buku lophunzitsa kusunga chakudya cha m'chilala likufunanso chiyani pashelefu? Limenelo silikuphunzitsa ayi, likunyoza."

Mfumu inagwedeza mutu, nduna zonse zinagwedeza mitu, ndipo lamulo linadindidwa nkhomaliro isanazizire.

Pamene izi zinkachitika, mjigo wa ku Dikirani unali ukudwala. Munthu ankapopa mpaka thukuta kamukamu kuti utulutse theka la ndowa. Abambo a m'tauni anapanga komiti, komitiyo inasankha wapampando, wapampandoyo anayamba kumva msana. Amayi atatopa anapita kwa Mayi Elube Nachisale, telala wa pakhonde la sitolo ya mchere, amene ankadziwika kuti makina ake osokera amawamasula yekha n'kuwamanganso popanda bawuti yotsala.

A Nachisale sanavomere msanga. Anayamba apita ku laibulale, kumene anafukula kabuku ka masamba makumi anayi osindikizidwa mbali imodzi yokha, kachikuto kobiriwira, kotchedwa Kasamalidwe ka Mjigo wa Pamudzi. Anakawerenga masabata awiri, ndipo Loweruka m'mawa anatenga sipanala n'kumasula mjigo wonse pamaso pa anthu. Abambo a komiti anaima pambali, manja kumbuyo, akupereka malangizo kwa mphepo. Zitsulo zonse zitatuluka n'kuyalidwa pamasaka, nthenda inaoneka. Pansi penipeni pamakhala kalabala kooneka ngati kambale, kamene kamanyamula madzi kuti akwere, ndipo kameneko kanatuluka kali zinyenyeswa zokhazokha.

Kupeza kena sikunali masewera. Chilengezereni za mipopi, masitolo onse anasiya kugulitsa zipangizo za mjigo poopa kuoneka ngati akutsutsa. Mlamu wa a Nachisale, woyendetsa lole, ndiye anakapeza kamodzi kumalire, n'kulonjeza kufika nako Lachiwiri m'mawa. Kanali kamodzi kokha, ndipo buku linachenjeza kuti kalabalako kakalowa m'malo mwake sikachokanso kamoyo, kamang'ambika. Choncho tauni yonse inayamba kutsikira ku Thamangani, ikudziuza kuti ndi masiku atatu okha.

Tsoka lake, deti lobwezera buku linali Lolemba.

"A Chadzala, ndabwera nalo monga mwa deti," anatero a Nachisale masana a tsikulo, "koma mundidindirenso. Mjigo uli mbwee pamasaka, kalabala kafika mawa."

"Pepani kwambiri, mayi," anayankha a Chadzala akulilandira ndi manja awiri. "Lamulo lachisanu ndi chinayi likuti munthu akabweza buku, bukulo ligone kaye usiku umodzi pashelefu, kuti wina amene akulifuna alipeze."

"Wina wake ndani? Tatsegulani kumbuyoko. Chidindo chimene chili pamwamba pa changacho n'cha chaka chimene ndinkakwatiwa."

"Ndiye mwina mwini chidindocho abwera lero."

"Achimwene, anthu akumwa Thamangani."

"Ndikudziwa, mayi, inenso ndikumwa yemweyo. Koma ndikathyola lamulo limodzi lero, mawa laibulale isanduka msika. Bwerani eyiti koloko, mulipeza. Buku lilibe miyendo."

A Nachisale anatuluka osatsanzika. A Chadzala analiika bukulo pashelefu, analiwongola bwinobwino kuti ligone mwaulemu.

Patangopita ola limodzi kunamveka malipenga. Anafika a Kamphinda ndi galimoto yakuda, bandi ya apolisi, mawilibala asanu ndi anayi, ndi mlembi atanyamula chibuku cha Zoyankhula Zonse za Mfumu. A Chadzala atamva kuti pempho lawo la zaka khumi ndi chimodzi layankhidwa, misozi inalengeza. Anathamanga kukatsegula makatoni a mabuku a chipale chofewa.

"Dikirani kaye, akulu," anatero a Kamphinda. "Pali ndondomeko."

Ndondomekoyo inali yachangu. Wapolisi ankatenga buku n'kuwerenga mutu wake mokweza, mlembi ankafufuza m'chibuku chija, a Kamphinda ankaloza wilibala kapena shelefu. Buku la kakonzedwe ka nyali ya koloboyi linapita, pakuti magetsi analengezedwa kalekale. Buku la malungo linapita, pakuti udzudzu unathamangitsidwa m'chaka chachinayi cha ufumu. Mapu anapita chifukwa sankaonetsa milatho imene Mfumu inatsegulira. Atafika pa buku la chipale chofewa, mlembi anafufuza kutsogolo, anafufuza kumbuyo, n'kunena kuti Mfumu sinanenepo kanthu pa nkhaniyi.

"Ndiye kuti n'lamakono," anagamula a Kamphinda. "Makope onse abwerere pashelefu."

La manambala a telefoni nalonso linapulumuka. Koma wapolisi atakweza kabuku kobiriwira n'kuwerenga kuti Kasamalidwe ka Mjigo wa Pamudzi, a Chadzala anatambasula dzanja.

"Bwana, limenelo pali amene akulifuna mawa."

"Akulifuna achite nalo chiyani?" anafunsa a Kamphinda mokoma mtima. "Kodi akulu, inu mukuti ku Zilibwino kuno kuli mjigo?"

Bandi inasiya kuimba. A Chadzala anayang'ana a Kamphinda, anayang'ana apolisi, kenako anayang'ana nsapato zawo. Ine sindiwaweruza. Ambirife tikanayang'ana nsapato zomwezo. Kabukuko kanagwera m'wilibala.

Popeza boma la Zilibwino silitaya chinthu popanda kuombedwa m'manja, mawilibala aja anakankhidwa mpaka ku msika wa Onjezaniko. Kumeneko anamangidwa riboni, a Kamphinda anaidula, n'kulengeza kuti akhazikitsa Ndondomeko Yotukula Amalonda ndi Mapepala Okutira. Amalonda anathokoza kuchokera pansi pa mtima, chifukwa mapepala anali akusowadi.

Lachiwiri eyiti koloko a Nachisale anafika ku laibulale, kalabala katsopano atakamanga pansonga ya chitenje. Anapeza a Chadzala atakhala pakati pa mashelefu opanda kanthu, tayi itapotoka.

"Simunati lilibe miyendo?" anafunsa atamva zonse.

"Linakwera wilibala, mayi."

A Nachisale sanakalipe. Anakhala pansi pomwepo. Mjigo unali woyenda, ngakhale motsimphina, ndipo iwo ndi amene anaumasula ndi manja awo. Madzulo a dzulo lake mwana wa neba wawo anali atayamba kale kutsegula m'mimba. Mantha amene anawagwira sanali oopa kusekedwa ndi abambo a komiti ayi, ngakhale nawonso analipo. Ankaopa maliro amene anthu adzati abwera chifukwa cha iwo.

"Zambiri ndikuzikumbukira," anatero potsiriza. "Koma kalabalaka kali ndi kukamwa. Sindikudziwa ngati kukamwako kumayang'ana kumwamba kapena pansi. Ndinkati ndidzaona pachithunzi."

"Kakale kaja kanayang'ana kuti?"

"Kanatuluka kali ufa. Ufa umayang'ana kuti, a Chadzala?"

Apo a Chadzala anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambireni ntchito. Anatseka laibulale nthawi ya ntchito, osalemba ndi chikalata chomwe pachitseko, n'kunena kuti, "Tiyeni kumsika."

Chimene anachiona kumsika chinawapweteka ndi kuwasangalatsa nthawi imodzi. Msika wonse unali ukuwerenga. Anthu amene pazaka zonsezi sanapondepo pakhomo la laibulale anali chiimire, dzanja lina likutola tchipisi, maso ali papepala. Bambo wina anagula mtedza kachitatu kwa mayi yemweyo chifukwa ankafuna kudziwa ngati mtsikana wa m'nkhaniyo anakwatiwa.

"Ine andipatsa la malungo," anatero wogulitsa kanyenya atafunsidwa. "Ndati bola, chifukwa udzudzu wa kwathu ndi wosaphunzira, sunamve kuti anauthamangitsa."

"Ine mapu," anatero wa usipa. "Ndakutira kale chigawo chonse cha kumpoto. Kwatsala kumwera."

"La mjigo?" anatero wina. "Fufuzani kwa amake Lute a mandasi. Ndinaona kachikuto kobiriwira akukupizira moto."

Amake Lute anali mayi wojintcha, wa mawu omveka tsidya lina la msika, ndipo ankadziwa aliyense amene anadyapo mandasi awo, ndi angati, ndi tsiku lake. Atamva nkhaniyo anasiya chiwaya pamoto.

"Mayo ine! Ndiye ndakhala ndikugawa mjigo ndi mandasi? Theka lilipo ili. Theka linalo lili m'matumba mwa anthu."

Anakwera pabenchi n'kuyamba kuitana mayina. Ludzu ndi mfumu imene anthu amaimvera popanda bandi, moti pofika masana masamba anali akubwera okha. Ena anabwera onona mafuta mpaka kuonekera mbali zonse. Lina analitulutsa m'kamwa mwa mbuzi. Lina linabwera ndi mkulu wina amene anali atapichira kale fodya, ndipo anapepesa kuti ngodya imodzi wasuta. A Chadzala ankalandira tsamba lililonse ngati mwana wobwera kuchipatala, n'kuliwongola pabondo, n'kuliika pamalo pake. A Nachisale anasoka onse pamakina awo. Atawerenga anapeza masamba makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Limene linasowa linali la nambala 27, la chithunzi cha kalabala.

Wapampando wa komiti ya abambo, amene msana unali utamulola kufika pamsika, anakhosomola.

"Ife tinanena kuti zinthu izi zimafuna kukhalirana pansi."

"Khalani pansi, bambo," anatero amake Lute. "Palibe wakuletsani."

Kenako anamenya m'manja kamodzi, maso atatuzuka.

"Tsamba la kambale? Iii, ndalikumbuka! Dzulo mwambo utatha, galimoto yakuda ija inazungulira kuseri kwa msika. Galasi linatsika pang'ono chabe, kunatuluka dzanja la mphete. Mandasi asanu ndi limodzi. Ndinawakutira m'tsamba lomwelo. Ndipo ndinawaona ndi maso angawa akutafuna uku akuliyang'anitsitsa, mpaka makwinya pachipumi."

Lachitatu lililonse Mfumu Ndanenakale imamva anthu ake m'bwalo la ku Mpandowanga. Ku Zilibwino kudandaula n'kololedwa ndithu, bola dandaulolo liyambe ndi kuthokoza. Choncho atatuwo, a Nachisale, a Chadzala ndi amake Lute, anakwera matola m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atagwada pamaso pa Mfumu, nduna zonse zitandandalikana mbali ndi mbali.

"Mfumu, tabwera kudzathokoza chifukwa cha mipopi," anayamba a Nachisale.

"Ikugwira ntchito?" inafunsa Mfumu mokondwa.

"Kwambiri, Mfumu. Wanga ndimamangirirapo mbuzi, ndipo sunazukepo n'kamodzi komwe."

"Wanga ndimayanikapo chiwaya," anaonjezera amake Lute. "Suchita dzimbiri, poti sunyowa."

Nduna zinayang'anizana. Koma Ndanenakale sanali munthu wankhanza. Anali munthu amene chibadwire sanauzidwepo kanthu. Anapempha kuti afotokoze bwino, ndipo a Nachisale anafotokoza zonse: mjigo, buku, wilibala, mandasi, ndi ana amene ayamba kudwala. Mfumu inamvetsera ikudzikanda m'khosi. Kenako inaitana kapitawo wa nyumba yachifumu.

"Iwe, lero ndi tsiku lachinayi ukundipatsa madzi osamba a m'kabeseni. Unati ndi njira yatsopano yosamalira khungu. Madzi a mpopi wanga amachokera kuti?"

Kapitawo anagwada.

"Amachokera m'thanki ya padenga, Mfumu."

"Nanga m'thankimo?"

"Amabwera m'migolo pa ngolo, Mfumu."

"Kuchokera kuti?"

"Ku chinthu chimene kulibe chija, Mfumu. Cha kuseri kwa msika wa ku Dikirani."

Mfumu inasiya kudzikanda n'kutembenukira kwa Nduna ya Zowerenga ndi Zoiwala.

"A Kamphinda, tsamba la mayiwa lili kuti?"

A Kamphinda anaimirira n'kukonza jekete.

"Mfumu ya mafumu, choyamba ndifuna kutsindika kuti boma silidya mandasi."

"Mwina boma silidya," anatero amake Lute ali chigwadire, "koma dzanja ndi lomwelo, mphete ndi yomweyo. Anapemphanso banyira."

Nduna ya Zamasewera inaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. A Kamphinda anavomereza kuti n'kutheka kuti chakudya china chinalowa m'galimoto ya boma, ndipo n'kuthekanso kuti pepala lake linatuluka pawindo podutsa mtsinje wa Thamangani.

"Ndiye lapita ndi madzi," inatero Mfumu. "Koma akuti munaliwerenga."

"Ndinaliunika, Mfumu."

"Nduna yanga yawerenga!" Mfumu inadabwa moona. "Alembi, lembani zimenezo, tidzalengeza. Tsono a Kamphinda, auzeni mayiwa. Kukamwa kwa kalabalako kumayang'ana kumwamba kapena pansi?"

"Funsoli ndi lofunika kwambiri, Mfumu, ndipo ndikuthokoza mayiwa polifunsa. Boma likudziwa kuti pali ena amene akuti kumwamba, palinso ena amene akuti pansi. Ife monga boma lomva anthu sitikufuna kusiya mbali iliyonse m'mbuyo."

"Kumwamba kapena pansi?"

"Tikhazikitsa kagulu ka akatswiri kamene pakutha pa miyezi itatu..."

"A Kamphinda." Mfumu inawerama pampando. "Ine ndanunkha. Mfumukazi yasamukira kuchipinda china. Ndikufuna liwu limodzi, ndipo mukatulutsa awiri, mawa mudzuka muli kazembe wathu ku dziko la chipale chofewa. Mabuku ake alipo khumi ndi awiri."

Ndinene zoona, ndinawamvera chisoni bambowa. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akuyenda pakati pa inde ndi ayi osaponda mbali, lero amuuze kuti atere. Thukuta linayenderera mpaka m'kolala. Anatseka maso, milomo ikugwedera ngati akutafunanso mandasi aja kuti chithunzi chibwerere.

"Pansi," anatero.

Nduna zonse zinapumira m'mwamba. Mlembi anagwetsa cholembera.

"Bwana, mukutsimikiza?" anafunsa a Nachisale mofatsa. "Kalabalaka n'kamodzi."

Ndipo a Kamphinda, ataona kuti anena liwu limodzi koma sanafe, analimba mtima.

"Pansi, mayi. Ndikukutsimikizirani m'dzina la boma. Pitani mukauze anthu kuti nduna yanena kuti pansi."

"Zikomo kwambiri, bwana. Mwatithandiza," anatero a Nachisale, n'kuomba m'manja mwaulemu.

Lachinayi m'mawa tauni yonse ya Dikirani inali kuseri kwa msika. Ndowa ndi zigubu zinandandalikana mpaka kumsewu, ndipo kumapeto kwa mzerewo kunaima ngolo ya migolo imene aliyense anachita ngati sakuiona. Ana odwala anali atakwana asanu. A Chadzala anaima pafupi ndi masaka aja atatsegula buku losokedwa lija, lonunkhira mafuta, akuwerenga mokweza ndime ndi ndime, ndipo a Nachisale ankachita zimene zawerengedwa. Atamaliza tsamba 26, a Chadzala anaika chala pamene panayenera kukhala tsamba 27.

A Nachisale anamasula nsonga ya chitenje. Anakaika kalabalako pachikhatho n'kukayang'ana. Kenako anakagwira bwino, kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba, n'kukakankhira m'malo mwake ndi zala zonse ziwiri zazikulu mpaka kanati thapu.

"Mayi!" ananong'ona a Chadzala, nkhope itatuwa. "Mwatembenuza! Anduna anati pansi!"

"Werengani 28, achimwene."

"Koma sikachokanso!"

"Ndikudziwa. Werengani."

A Chadzala anawerenga. Zitsulo zinatsika chimodzichimodzi, amayi anayi akugwirizira. Mutu wa mjigo unabwerera, mabawuti anamangidwa, ndipo pamasaka sipanatsale kanthu. Mbiri yoti telala wakana mawu a nduna inali itayenda kale mzere wonse, moti wapampando wa komiti anasendera kutsogolo kuti aone bwino, pakamwa atakonzeratu.

A Nachisale anagwira mpini n'kuyamba kupopa. Kasanu, mjigo unangolira kukhosi. Kakhumi, chimodzimodzi. Pofika kakhumi ndi kasanu wina kumbuyo anatola chigubu chake n'kutembenukira njira ya kumtsinje. A Nachisale sanadzutse mutu. Kenako mpini unayamba kulemera m'manja mwawo, ndipo iwo okha ndi amene anadziwa. Anapopanso kawiri. Mjigo unakhosomola, unalavula dzimbiri, n'kutsegula madzi oyera odzaza paipi, amene anagunda pansi pa ndowa ya amake Lute ndi phokoso limene linamveka mpaka kumsewu.

Nthungululu zake sindingathe kuzilemba. Wapampando wa komiti anaiwala msana n'kuyamba kuuza oyandikana naye kuti komiti inaziona kale zimenezi. A Nachisale anasiyira wina mpini, anakhala pa simenti yonyowayo, n'kulira pang'ono, chifukwa mantha a masiku asanu sachoka ndi kuseka kokha.

A Chadzala anawadikira mpaka atapukuta m'maso, kenako anagwada pambali pawo, buku lili pachifuwa.

"Mayi, mundikhululukire, koma ndiuzeni. Mwakumbukira chithunzi chija?"

"Ayi."

"Nanga mwadziwa bwanji?"

A Nachisale anatunga madzi ndi manja awiri, anamwa, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje.

"Anduna omwewa, ali ku Zaulimi, anaima pamsika pano n'kutitsimikizira m'dzina la boma kuti mtengo wa feteleza upita pansi. Atapita ku Zamalonda anati sopo apita pansi. Chaka chatha anati shuga." Anapatsira a Chadzala sipanala kuti awagwirire. "Ine ndine munthu womvera, achimwene. Bambo amenewa akati pansi, ndimadziwa koyang'ana."